Wozizira Wamkulu wa pa Doko la Tikadali

Chaka chimene Mfumu Ndikumbukeni Woyamba anakhoma msomali woyamba wa sitima ya nkhondo, Jailosi Kalitsiro analonjeza Edinesi Nasimango kuti adzamukwatira. Analonjezera pa geti la kampani, galasi lake lowotcherera zitsulo atalikankhira pamphumi, Edinesi ali chikhalire kuseri kwa mulu wa tomato amene ankagulitsa.

"Edi, tsiku limene chitsulo ichi chidzakhudze madzi, Loweruka lake ine ndi iwe tili pamaso pa ankhoswe. Ndikanama nyundo indiphwanye chala."

"Chidzakhudza liti madziwo?"

"Akuti miyezi isanu ndi inayi."

"Ngati mimba," anatero Edinesi. "Chabwino, ndidikira."

Anali mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, mano onse ali m'kamwa.

Dziko la Zidzatheka linali ndi nyanja imodzi, ya Lekezabondo, imene m'chilimwe inkalekezadi m'mabondo; dzinja ndiye inkadzitama mpaka m'chiuno. Kutsidya kwake kunkakhala anthu a kwa Sitikudziwani, alimi a tomato, amene panalibe anawauzapo kuti ndi adani. Mlandu wawo unali wa atambala. Popeza iwo anali kum'mawa, atambala awo ankayamba kulira wa kunyumba ya mfumu asanatsegule ndi diso lomwe, ndipo nduna zitakhala pansi masiku anayi zinapeza kuti kumeneko n'kulanda m'bandakucha wa eni ake. Nkhani yotere sithera pakamwa. Mfumu inakhazikitsa Kampani ya Mfumu Yokhoma ndi Kukonza Zombo za Nkhondo, pa Doko la Tikadali. Dzina lonselo ankalimaliza ndi mlembi yekha. Anthu ankangoti ku Chitsulo.

Amene analiona doko lija masiku oyambawo sakonda kulikamba, chifukwa achinyamata amayesa bodza. Nyundo mazana atatu zinkalira pamodzi ngati achule a mvula yoyamba. Lipenga la seveni likalira, ngakhale mbuzi zinkadziwa kuti ndi seveni, ndipo inalidi seveni. Amuna ankatuluka pa geti atada bii, akununkha chitsulo chopsa, atsikana n'kumati limenelo ndiye fungo la tsogolo. Dziko linkaoneka ngati pali kumene likupita.

Chimene chinaletsa awiriwo kukwatirana sabata yomweyo chinachokera m'mutu mwa a Ndaonakale, Nduna ya Miyambo ndi Zoletsa. Iwowa anakumbutsa mfumu kuti makolo akamasungunula chitsulo m'ng'anjo, osula ankakhala ozizira: sankayandikira mphasa ya mkazi mpaka chitsulo chitatuluka, kuopa kuti chingang'aluke. Zimenezo zinali zoona. Chimene nduna sinatchule n'chakuti makolowo ankasula khasu, ndipo khasu ukaliyamba Lolemba, Lachitatu ukulimira. Lamulo linatuluka: aliyense wogwira chitsulo cha mfumu, kuyambira kapitawo mpaka wotola misomali, akhale wozizira kufikira sitima itakhudza madzi. Okwatira azigona pakhonde. Osakwatira aiwale kaye.

Miyezi isanu ndi inayi ija inasanduka zaka zitatu, zimene ku Zidzatheka amati kufulumira. Sitima inatha. Inagona pa njanji zake pamtsetse, mphuno italoza kwa adani, pakati pa mphunoyo ndi madzi patangotsala phazi limodzi. Edinesi anasoketsa diresi. Kutatsala masiku awiri kuti aikankhire m'madzi, mfumu inatsamwa ndi munga wa nsomba n'kutisiya. Imeneyo ndiyo nkhondo yokhayo ya pamadzi imene dziko la Zidzatheka linamenyapo, ndipo linagonja.

Ufumu analowa ndi mwana wa mlongo wake, Ndikumbukeni Wachiwiri. Apa a Ndaonakale anakumbukanso mwambo wina: mfumu yatsopano silowa m'nyumba ya malemu isanawonjezepo chipinda chakechake, kuopa kuti anthu angati ikugona m'mapazi mwa wina. Nanga sitima si nyumba? Amisiri anaidula pakati, kumchira anakukokera kumtunda, pampatapo n'kuikapo mikwamba makumi awiri ya mfumu yatsopano. Itangotsala pang'ono kutha, apongozi a mfumu anafunsa kuti iwo azidzakhala pati pa tsiku la nkhondo. Anaidulanso. Nduna ya Nkhondo inafuna bwalo la perete, Nduna ya Ulimi inafuna khola kuti asilikali azidzamwa mkaka pomenya adani, ndipo Nduna ya Maphunziro, imene inalibe chofuna, inati nayo aiikireko kenakake kuti anzake asaiseke.

Mphuno sinasunthe. Inakhala pomwe paja, phazi limodzi kuchokera kumadzi. Mchira ndi umene unkayenda, chobwerera m'mbuyo. Unatuluka m'mpanda wa kampani, unadutsa pakati pa msika, unagawa bwalo la mpira pawiri, mpaka unakagunda tsinde la phiri. Msika unasamutsidwa kawiri, koma anthu ankabwerera, chifukwa pansi pa sitima panali mthunzi wabwino.

Mbali yokonza ya kampani inabadwira pamenepa. Amisiri akamamaliza kukhoma kumchira, kumphuno kunkakhala kutadyeka ndi dzimbiri. Akathamangira kumphuno, kumchira njuchi zalowa. Inali kampani yokhayo pansi pa thambo yokonza sitima imene sinanyowepo, kupatula ndi mvula. Zitsulo zochotsedwa, ndi zina zimene zinali zisanayenere kuchotsedwa, zinkatuluka pa geti n'kukasanduka mbaula, makasu ndi zitseko za makola. Panalibe banja ku Zidzatheka limene silinkaphikira pa sitima ya nkhondo.

Ana nawonso ankabadwa. M'nyumba za amisiri ozizira aja munkamveka makanda chaka ndi chaka. Bwalo la mfumu linakhala pansi n'kugamula kuti imeneyo ndi mphepo ya kunyanja, imene imalowa pawindo amuna ali pakhonde. Anawo ankapatsidwa maina a ku ntchito kwa osakhala atate awowo: Sipanala, Washala, Girizi. Mkazi wa kapitawo, amene ankagulitsa nyemba pafupi ndi Edinesi ndipo onse ankamuti make Bawuti, mphepo inamuomba kasanu ndi kanayi.

Jailosi yekha ndiye analimva lamulo lija ngati lamulo.

Tsiku lililonse masana ankabwera pamsika, n'kuima mapazi awiri kuchokera pa benchi la Edinesi, manja kumbuyo. Tomato sankalandira pamanja. Edinesi ankamuika pabenchi, iye n'kutola. Chaka chachisanu ndi chiwiri analeka kumuti Edi, poona kuti dzinalo likumutenthetsa pakhosi, n'kuyamba kumuti anaSimango.

"Mwaswera bwanji, anaSimango?"

"Ndaswera, a Jailosi. Chitsulo chanu?"

"Chikuyenda."

"Chikuyenda chopita kuti?"

"Patsala pang'ono."

Akachoka, make Bawuti ankapukusa mutu uku akuyamwitsa.

"Mzanga, windo la kwanu limatseguka koma?"

"Limatseguka. Mphepo yake ndi imene imagogoda kaye, n'kufunsa ngati kapitawo walola."

"Nanga bwanji osangotsegulira ina? Mphepo zilipo zambiri m'dziko muno."

Zinalipodi. Anabwera mphunzitsi wa njinga ya magiya, anabwera wogula fodya wa dzino lagolide, anabwera mpaka m'busa wamasiye wa ana asanu. Edinesi onsewo anawagulitsa tomato n'kuwaonetsa njira. Mukamufunsa chifukwa ankati zaka zoyambazo ankadikira chifukwa chomukonda munthuyo, zaka zapakati chifukwa choti anadikira kale, ndipo zotsalazo ankangofuna aone ngati chitsulocho chidzamire. Koma masana akamayandikira ankapukutabe benchi ndi nsonga ya chitenje.

Chaka cha makumi atatu ndi zitatu, Ndikumbukeni Wachitatu atangolowa ufumu, sitima inang'aluka. Inang'alukira pamwamba penipeni pa msika, ndi phokoso limene linagwetsa nkhuku pamalo ogulitsira, ndipo madzi a mvula a zaka zambiri amene anasonkhana m'chipinda cha apongozi aja anakhuthukira pa ogulitsa ufa, pamodzi ndi achule ake. Chitsulo cha mfumu chikang'aluka, funso silikhala lakuti anawotcherera ndani. Funso limakhala lakuti watentha ndani.

Bwalo linakhala pansi pa mtengo wa kachere kuseri kwa nyumba ya mfumu. Amisiri mazana atatu anakhala mbali imodzi, akazi awo ndi ana a mphepo mbali inayo. Mfumu inali mnyamata wa magalasi akuda amene anakaphunzira kunja luso loyendetsa misonkhano. A Ndaonakale, amene anali ataika kale mafumu awiri m'manda osadwalapo ndi chimfine chomwe, anaimirira ndi ndodo yawo.

"Mwini dziko, ofufuza afufuza. Mabanja onsewa tikuwadziwa, ndi mphepo, bwalo lino linagamula kale. Koma pali awiri amene akutidabwitsa. Jailosi Kalitsiro ndi mayi uyu Nasimango akhala akuonana tsiku ndi tsiku zaka makumi atatu ndi zitatu. Mphepo yaomba kumanja kwawo, yaomba kumanzere kwawo, iwo osawakhudza. Tikufunsa: akubisa chiyani?"

Jailosi anaimirira, manja kumbuyo. Edinesi anamuyang'ana kamodzi n'kudziwa kuti akamusiya avomera mlandu chifukwa cha ulemu. Anamanga chitenje, anagwada pang'ono monga mwa mwambo, n'kudzuka msanga chifukwa mabondo anali atayamba zawo.

"Mwini dziko, ndiloleni. Choyamba mundiyang'ane bwinobwino. Nkhope iyi ndi ya munthu amene akudya zobisa?"

Kumbali ya akazi kunamveka kuseka kobisira m'zitenje.

"Chachiwiri, afunseni bambo awa ngati dzanja langa ndi lokhakhala kapena losalala. Sadziwa. Chaka cha chimfine chachikulu ndinakomoka pamsika iwo ali pomwepo. Anathamanga kukaitana anthu oti andidzutse."

"Ndinathamanga kwambiri," anatero Jailosi motsitsa.

"Munathamangadi. Chachitatu, mwini dziko, ine sukulu sindinapite nayo patali, za mphepo sindizidziwa. Ndingopempha kuti ana a make Bawuti aimirire, akapitawo nawonso aimirire."

Anaimirira. Kapitawo anali ndi makutu otambalala ngati zogwirira za poto. Kutsidya kwa bwalo kunaima makutu otero khumi ndi asanu ndi atatu, kuyambira a ndevu mpaka a kumbuyo kwa amake.

"Mphepo ya kunyanja ili ndi makutu a akapitawo," anatero Edinesi. "Kwa make Washala ili ndi mpata wa m'mano wa opaka penti. Kwa make Girizi imachita chibwibwi ngati alonda a pa geti. Ndapita nayo patali, kapena ndipitirize?"

"Usapitirize, mzanga," anakuwa make Bawuti, misozi ya kuseka ili mbwee, "ena mphepo zawo n'zosakanikirana!"

Amisiri mazana atatu anapeza chinthu chochititsa chidwi pa zala za kumapazi kwawo. A Ndaonakale anatsokomola. Edinesi anakhala pansi mtima uli m'malo. Ankayesa kuti bodza likaululika lamulo ligwa, ndipo lamulo likagwa Loweruka ndi lomwe lino.

Mfumu inavula magalasi, chinthu chimene inkachita ikafuna kuganiza.

"Tiyeni tione mfundo," inatero. "Amuna mazana atatu akhala otentha zaka makumi atatu ndi zitatu. Mwa mwambo, sitimayi ikanayenera kukhala ufa. Koma yang'aluka kamodzi kokha. Ndiye waigwira ndani?"

A Ndaonakale, amene ankadziwa kununkhiza kumene mfumu ikulowera isanafikeko, analoza Jailosi ndi ndodo.

"Mwaona," inatero mfumu. "Kuzizira kwa munthu mmodzi kwagwira chitsulo cha dziko lonse. Kunja amati kugawana ntchito. Kuyambira lero amisiri nonse ndinu omasuka, lowani m'nyumba, pakhonde pazigona agalu. A Kalitsiro azizizira m'malo mwanu. Ndikuwaika kukhala Wozizira Wamkulu wa Ufumu, kufikira sitima itakhudza madzi."

Nthungululu zinang'amba bwalo. Amisiri anamunyamula Jailosi pamapewa. Anamuveka yunifolomu yoyera ya mabatani agolide ndi chipewa cha nthenga ya kakowa, n'kumupatsa mpando pamwamba pa sitima, pansi pa ambulera, kuti dzuwa lisamutenthetse. Munthu amene zaka zonsezi anzake ankamuseka kumbali, lero asilikali ankamuchitira saluti.

"Nanga ine, mwini dziko?" anafunsa Edinesi.

"Amayi, inuyo dziko likukuthokozani," inatero mfumu, ikubwezera magalasi.

Sabata isanathe wolengeza anafika pamsika ndi belu lake. Mfumu yatsopano, iye anati, sinaikepo chipinda chake pa sitima. Choncho Lachitatu likudzali idzakhoma msomali woyamba wa mikwamba makumi anayi, mmene mudzakhale holo ya misonkhano. Popeza mchira wagunda phiri, phirilo liyamba lachotsedwa. Msika usamuke.

Edinesi anayendetsa lilime m'kamwa kuwerenga mano otsala. Kenako anayang'ana phiri. Linali phiri lathanzi.

"Make Bawuti, chimene chimaigwira sitimayi kuti isatsetsereke n'chiyani?"

"Kale zinali zipika. Zinapita kalekale, tinaphikira maliro a apongozi a mfumu. Bambo a Bawuti amati panopa yangokakamira ndi dzimbiri pa njanji. Atapaka girizi, ngakhale mbuzi itaitsamira ipita."

"Girizi ali kuti?"

"Uli m'dziko lino iwe? Njinga zonsezi ukuyesa zikuyendera chiyani?"

Edinesi anaponya maso pa benchi la mayi wina amene ankagulitsa therere. Anayang'ana nthawi yaitali, mpaka mwini therere anayamba kudziyang'ana ngati wavala chitenje chotembenuza.

Amayi a pamsika sanavute kuwakopa. Kusamuka kachitatu palibe ankakufuna, ndipo ambiri, chibwerere amuna awo m'nyumba mwalamulo, ankaona kuti Edinesi anawachitira zabwino ndi zoipa pamodzi, choncho ayenera kumuthandiza basi. Lachitatu m'mawa migolo khumi ndi iwiri inali pamoto. Therere lonse la m'dziko, lobala ndi la masamba lomwe, linadulidwa, linathiridwa soda wosaumira, linavundulidwa ndi nkhafi za mabwato mpaka linayamba kutsatira nkhafi ngati chingwe. Amayi anasenza zidebe n'kundandalika m'mbali mwa njanji, kuyambira kuphiri mpaka kumadzi.

Asilikali a pa geti anawatsekereza. A Ndaonakale anabwera akugogoda ndodo.

"Chimenechi n'chiyani, amayi inu?"

"Ndi mwambo, wawa," anatero Edinesi maso ali pansi. "Mfumu ikamakhoma msomali, amayi amadyetsa njanji therere. Kapena kwanuko simunaumve?"

Pa zaka zonse za unduna wawo, a Ndaonakale anali asanavomerepo kuti kuli mwambo umene sakuudziwa. Anayang'ana asilikali, anayang'ana zidebe.

"Ndisaumve ine? Umenewu ndi wakale zedi. Agogo anga ndi amene ankautsogolera. Koma mukulakwitsa, amathira ndi dzanja lamanzere."

"Mwatithandiza, wawa."

Ndipo nduna inayenda nawo njanji yonse, ikuloza ndi ndodo pamene sanathire mokwanira.

Mfumu inakwera kumchira pamodzi ndi nduna zonse ndi gulu la malipenga. Inalankhula ola lathunthu za masomphenya. Pansi, therere linkalowerera mwakachetechete pakati pa chitsulo ndi dzimbiri. Kenako mfumu inalandira nyundo yasiliva, inaika msomali, n'kumenya kamodzi, mofatsa, ngati munthu wogogoda kwa apongozi.

Sitima inabuula. Inali mbuu ya ng'ombe yaikulu imene yagona zaka zambiri ndipo wina waiponda mchira. Njuchi zinatuluka. Phiri linayamba kutalikira.

"Phiri likuchoka lokha!" inafuula Nduna ya Maphunziro. "Mwini dziko, lamvera!"

Inayamba ngati nkhono, kenako ngati ngolo, kenako ngati chinthu chimene dziko la Zidzatheka linali lisanaonepo, chinthu cha boma chothamanga. Inadutsa pabwalo la mpira, inadutsa pamsika itakolekera zovala zimene anthu ankayanika m'mbali mwake, oimba malipenga akuimbabe chifukwa panalibe anawauza kuti aleke. Phazi limodzi lija linatha. Mphuno inalowa m'madzi, madzi anathovoka mpaka pa denga la kampani, anthu anakuwa, ndipo mphuno inapitirira. Inapitirirabe. Kukula kwa nyanja ya Lekezabondo kunali chinsinsi cha asilikali, choncho panalibe anaiyezapo. Mphuno inatuluka kutsidya n'kukazika m'dimba la tomato kwa Sitikudziwani, mchira uli pa geti la kampani, pouma.

Mfumu inayenda pansi theka la ola kuchoka kumchira kukafika kumphuno, nduna zili pambuyo. Kumeneko inapeza bambo wachikulire atagwira kheni yothirira, akuyang'ana m'mwamba.

"Takulandirani," anatero bamboyo. "Koma kwanuko odi kulibe? Mwaponda nazale."

Mfumu inalengeza pomwepo kuti adani agonja popanda kuomba mfuti, ndipo bamboyo anaipatsa tomato atatu kuti isabwerere chimanjamanja. Pofika masana njinga zinali zitayamba kale kuwoloka pamwamba pa sitima, za uku zitanyamula mbaula, za uko zitanyamula madengu. Tomato wa adani anali wamkulu kuposa wa kuno, ndipo pamsika nkhani imeneyi inawawa kuposa ya atambala.

Edinesi zonsezo analibe nazo ntchito. Anakwinya chitenje, analowa m'nyanja mpaka m'mabondo, anagwira chitsulo pamene chinakumana ndi madzi. Chinali chonyowa. Anakwera makwerero dzanja likudontha, n'kumupeza Jailosi pampando wake pakati pa sitima, atagwira chipewa ndi manja awiri, nthenga itapindika.

"A Jailosi, onani dzanja ili."

"Ndaliona, anaSimango."

"Madzi awa ndi a m'nyanja. Ndawachotsa pa chitsulo chanu. Lero ndi Lachitatu."

"Ndi Lachitatudi."

"Ankhoswe athu aja anamwalira onse awiri, koma ana awo alipo, ndawatumira kale mawu. Diresi ndikalikulitsa mawa. Inu mungobwera ndi thupi lanu, zina zonse ndikonza ine."

Jailosi anatsegula pakamwa, koma belu la wolengeza linamutsogolera. A Ndaonakale anafika ndi pepala, mfumu ili pambuyo ikudya tomato.

"Tamverani! Poona kuti sitima ya mfumu yagwira dziko la adani ndi mphuno, dziko lathu ndi mchira. Poona kuti pamwamba pake pakuyenda anthu, njinga ndi mbuzi. Poonanso kuti mng'alu uja ukadalipo ndipo tsopano uli pakati pa nyanja. Bwalo lagamula kuti kuzizira kukufunika lero kuposa kale. Wozizira Wamkulu apitiriza udindo wake nthawi yonse imene sitima ili m'madzi."

Mfumu inapukuta dzanja pa buluku la Nduna ya Ulimi n'kumukoleka Jailosi mendulo yaikulu ngati chivundikiro cha poto. Malipenga analira. Akuluakulu atapita, panatsala awiriwo, ndi njinga zodutsa zikuliza mabelu.

"Mwamva zimenezo?" anatero Edinesi.

"Ndamva."

"Lamulo loyamba linati kufikira itakhudza madzi. Inu munati ikakhudza madzi. Simunati ikatuluka. Ituluka liti, poti yazika mphuno m'dimba la eni?"

"AnaSimango, taonani anthuwa." Jailosi analoza ndi chibwano. Pa mng'alu paja pankadutsa mayi wa mwana kumbuyo, dengu pamutu. "Nditati ndatentha ine, n'kuthyoka ali pamenepo?"

"Akathyoka nayo anyowa mabondo. Ndangotulukamo ine m'nyanjamo."

"Dzinja amafika m'chiuno."

"A Jailosi, chitsulo ichi munawotcherera ndinu. Chang'aluka chifukwa akapitawo anagulitsa theka la mabawuti kwa okhoma ngolo. Mukudziwa, ndikudziwa, ndi mbuzi iyo ikudziwa."

"Za mabawuti n'zoona," anatero Jailosi. Anasisita mendulo ndi chala chachikulu, pang'onopang'ono. "Komatu ndi mabawuti ochepa chomwecho, yaima zaka zonsezi. Chinaigwira n'chiyani?"

Edinesi anamuyang'ana. Imvi zinali zitatulukira m'mbali mwa chipewa. Munthuyu sankanama, ankakhulupiriradi, ndipo chipewacho chinkamukhala bwino. Edinesi anasendera phazi limodzi. Jailosi anabweza mpando phazi limodzi.

"Edi," anatero, dzina lija likutuluka lokha, n'kudzigwira pakamwa ngati watukwana m'tchalitchi.

"Ndamva. Mwalitchula, ndipo sitima sinathyoke." Edinesi anapukuta dzanja lonyowa lija pa chitenje. "Kwathu mukukudziwa. Nyumba yachitatu kuchokera pa chigayo, ya chitseko chachitsulo cha mfumu. Ankhoswe afika Loweruka mamawa."

"Loweruka likadali kutali, anaSimango."

"Kwa ine layandikira."

Lachinayi telala anakulitsa diresi, n'kuwonjezera nsalu ina m'mbali chifukwa yofanana nayo inasiya kupezeka mafumu awiri apitawo. Lachisanu make Bawuti anabwera ndi ana ake aakazi kudzasinja, kudzazira pakhonde ndi kudzamuphunzitsa Edinesi zinthu zimene anati mwina anaiwala, Edinesi n'kumuuza kuti munthu saiwala chimene sanachidziwepo. Anaseka mpaka nkhuku zinathawa pabwalo.

Loweruka ankhoswe awiri anafika mamawa atavala majekete, anapatsidwa mipando pansi pa mtengo wa mango. Lipenga la seveni linalira ku Chitsulo. Jailosi Kalitsiro anavala chipewa chake n'kupita ku ntchito.